Za mawu akuti galvanized pa malata

Achimwene, mwafunsa ngati mawu akuti galvanized amene mwawaona pa malata ku hadiweya ndi dzina la kampani. Si kampani ayi. Akutanthauza kuti chitsulocho anachikuta ndi zinki, mtundu wina wa chitsulo, kuti chisachite dzimbiri. Amachiviika mu zinki wosungunuka, wotentha pafupifupi madigiri 450, ndipo chikazizira chimatuluka ndi timawanga tonyezimira tija mumationa pa ndowa yatsopano.

Dzinalo linachokera kwa munthu, Luigi Galvani, dokotala wa ku Bologna, ku Italy, amene anamwalira mu 1798. Bamboyu za malata analibe nazo ntchito, ankalimbana ndi achule. Anaona kuti akakola mwendo wa chule wakufa ndi ngowe ya brass (mkuwa wosakaniza ndi zinki) n'kuukhudzitsa pa chitsulo, mwendowo unkaphupha ngati wamoyo. Iye anati magetsiwo ali m'thupi mwa chuleyo. Wasayansi mnzake wa ku Italy komweko, Alessandro Volta, anakana, nati akuchokera ku zitsulo ziwiri zosiyana zikakumana ponyowa, ndipo mkangano umenewu ndi umene unabala batire mu 1800. Komabe magetsi oterewa anthu anapitiriza kuwatchula dzina la Galvani.

Ndiye m'zaka za m'ma 1830, Stanislas Sorel wa ku France atalembetsa njira yake yoviika chitsulo mu zinki, anabwereka dzina lomweli. Poviikapo sipalowa magetsi ngakhale pang'ono, koma ine ndimati sanalakwitse. Lata likakalika mpaka chitsulo kuonekera, mvula n'kugwerapo, pamachitika zomwe zija za chule: zitsulo ziwiri ndi chinyezi. Zikatero amene amayamba kudyeka ndi zinki, chitsulo n'kupulumuka. N'chifukwa chake pamene mwaboola ndi msomali sipafiira msanga. Penti sachita zimenezi, akangosupuka basi dzimbiri lalowa.

Zinkiyo amatha ndithu. Onani denga la kukhitchini kumene kumafuka utsi tsiku ndi tsiku, kapena lata limene lagona pansi pa dothi lonyowa, ndi amene amayamba kufiira. Musasokonezenso ndi stainless ya masupuni ndi masinki. Imeneyo sakuta pamwamba, amasakaniza chromium, mtundu winanso wa chitsulo, m'chitsulo mwenimwenimo, wosachepera 10.5 peresenti.

Pogulapo musangofunsa geji yokha, chifukwa geji imangonena kuchindikala kwa lata (28 ndi yochindikala kuposa 32). Funsaninso kuti zinki anaikapo wochuluka bwanji, ndipo misomali yake mugule yokutidwanso ndi zinki, apo ayi mizere yofiira idzayambira pa mitu ya misomali.