Achemwali, fayilo ya Excel ija inatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito

Achemwali, funso lanu loti kodi fayilo ya Excel ndi mafoda a pa Teams n'zokwanira kusungiramo publication plan (ndondomeko ya zofalitsa zotsatira za kafukufuku) ndi masilaidi a ma MSL anu (ma medical science liaison, antchito a kampani ya mankhwala amene amakambirana za sayansi ndi madokotala) landitsitsimutsa chilonda chimene ndinkaganiza kuti chinapola. Ife tinkadalira zinthu ziwiri zomwezo, ndipo zinatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito kuno ku England ndili ndi miyezi 9 yokha pakampani, chikalata changa chokhalira m'dziko muno chili chomangiriridwa ku ntchito yomweyo.

Ndinali MSL wa mankhwala a matenda a shuga. Kafukufuku wathu wa gawo lachitatu anali atatha, abstract (chidule cha zotsatira) inali italandiridwa ku msonkhano waukulu wa madokotala, ndipo monga mukudziwira, zotsatira zimakhala pa embargo, kutanthauza kuti siziululidwa, mpaka tsiku ndi ola limene eni msonkhano anena. Ndondomeko yonse ya zofalitsa inali mu fayilo imodzi imene bwana wathu wa medical affairs (dipatimenti yoona za sayansi ya mankhwala) ankaisunga pa kompyuta yawo, ndipo amene ankailemba ndi kuikonza inali kampani ina ya ku America yolemba nkhani za sayansi imene tinaipatsa ntchito. Ife ma MSL tinkangolandira kope lake pa imelo kamodzi pamwezi, mwezi wina osalandira n'komwe. Mu foda ya pa Teams munali mafayilo atatu a masilaidi a kafukufuku yemweyo, ena olembedwa final, ena final 2, ena final approved, popanda dzina la amene anawavomereza kapena tsiku limene adzasiye kugwira ntchito.

Pulofesa wina amene chipatala chawo chinalowetsa odwala ambiri mu kafukufukuyo anandilembera okha kufunsa za mmene mankhwalawo anakhudzira impso. Funsolo linachokera kwa iwo popanda ine kuliputa, choncho malamulo ankandilola kuyankha. Madzulo ake ndinaimbira bwana aja kuti nditsimikize, ndipo anatsegula fayilo yawo n'kundiuza kuti embargo inatha pa 9 August, nditenge final approved ndipite. Sindinapite pa tsamba la msonkhano kukaona ndi maso anga ngati abstract inalidi itatuluka, ndipo pamenepo mpamene ndinalakwa ine, sindikana.

Linali Lachiwiri m'mawa chakumapeto kwa August. Ofesi ya pulofesa inali yaing'ono, yodzaza mapepala mpaka pa mipando, ndipo anali ataitana madokotala awiri ophunzira kuti amve nawo, mmodzi ataimirira pakhomo chifukwa chosowa pokhala. Ndinatsegula iPad yanga n'kuyamba bwinobwino. Nditafika pa silaidi yachinayi, imene inali ndi chiwerengero cha odwala amene anawerengedwa pa zotsatira, pulofesa anasiya kulemba, anavula magalasi, n'kundiuza kuti ndibwerere m'mbuyo. Anayang'ana kwa nthawi yaitali osanena kanthu. Kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti manambala amenewa ndawatenga kuti, pakuti iwo anaona zotsatira zomaliza ku msonkhano wachinsinsi wa ofufuza ndipo sizinali zimenezi. Masilaidi anga anali ochokera pa kuwerengera koyambirira, deta isanatsekedwe. Pakamwa panauma. Ndisanapeze choyankha, anandifunsanso ngati ndikudziwa kuti embargo ikutha pa 8 September, ndiponso ngati ndaona kuti m'chipindamo muli anthu awiri amene sanasainirepo pangano lililonse losunga chinsinsi. A ku America aja analemba 09/08, mwezi patsogolo monga amalembera kwawo, ndipo bwana wathu anawerenga tsiku patsogolo monga timawerengera kuno ndi kwathu.

Choipitsitsa chinali chisanafike. Pofuna kutseka msanga, dzanja likunjenjemera, ndinadumphira ku silaidi yomaliza, imene inali ndi mutu wa pepala lopita ku magazini ya zachipatala pamodzi ndi mayina a olemba. Dzina la pulofesa panalibe. Anawerenga mayinawo limodzilimodzi, chala chili pa galasi la iPad yanga, ndipo atamaliza anandiuza kuti bwana wanga anawalonjeza pamaso pa anthu, pa chakudya chamadzulo zaka ziwiri m'mbuyomo, kuti adzakhala mmodzi wa olemba, koma chiyambire sanatumiziridwe ngakhale tsamba limodzi loti aliwerenge. Anauza ophunzira aja kuti atuluke, n'kundiuza kuti ine sakundiimba mlandu koma ndisadzabwerenso. Ndinakhala mu galimoto pamalo oimika magalimoto a chipatalacho ndikulira, ndipo ndisanalize n'komwe injini foni inali italira kale kuchokera ku ofesi ya compliance, yoona kuti malamulo akutsatidwa pakampani, chifukwa pulofesa anali ataimbira ku likulu.

Chimene chimandiwawabe mpaka lero ndi khalidwe la bwana aja. Tsiku lofunsidwa mafunso anakana kwamtuwagalu kuti tinalankhulana, ananena kuti MSL wodziwa ntchito amayenera kudzifufuzira yekha, ndipo anafika ponena kuti mwina kumene ndinaphunzira sitinazolowere malamulo okhwima. Munthu amene anasunga ndondomeko ya gulu lonse ngati munda wake, amene ankakana kutilowetsa ku misonkhano yokonza zofalitsa ponena kuti si nkhani ya anthu oyendayenda, amene ankagawa malonjezo a mayina pa mapepala ngati akugawa maswiti pofuna kuti zipatala zilowetse odwala msanga, tsiku limenelo anasanduka mlendo wosadziwa kanthu. Kampani yolemba ija inatumiza imelo ya mizere iwiri yonena kuti kalembedwe ka masiku kanali kodziwika kuyambira pachiyambi. Palibe amene anafunsa chifukwa chimene masilaidi akale anakhalirabe mu foda kwa miyezi, atalembedwa dzina lonyenga chotero. Anthuwo ankaopa chinthu chimodzi chokha, choti nkhaniyo ingafike ku PMCPA, bungwe limene limaweruza madandaulo pa malamulo a ABPI (bungwe la makampani a mankhwala ku Britain) ndipo limaika zigamulo zake poyera pa intaneti, choncho ankafuna munthu wamng'ono woti amusenzetse katundu yense mwamsanga.

Komatu malamulo a nkhani ya olemba sanali obisika kwa aliyense wa iwo. A ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala, amafuna zinthu zinayi kuti munthu atchedwe mlembi: akhale atathandiza kwambiri pokonza kafukufuku kapena posonkhanitsa, kusanthula kapena kumasulira deta, akhale atalemba nawo kapena kuunika pepalalo mozama, avomereze pepala lomaliza, ndipo avomere kuyankha pa ntchito yonseyo, mfundo imene inawonjezedwa mu 2013. Amanenanso momveka kuti aliyense wokwaniritsa mfundo yoyamba apatsidwe mwayi wokwaniritsa zinazo, ndiye kuti kusamutumizira munthu pepala kenako n'kunena kuti sanaliunike ndi chinyengo. Malangizo a Good Publication Practice, a kafalitsidwe ka kafukufuku wolipiridwa ndi makampani, amene anatuluka koyamba mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2009, mu 2015 ndi mu 2022, amafuna kuti udindo wa olemba ugwirizanidwe ntchito yolemba isanayambe, olembawo aone deta imene akufunika, ndipo amene anathandiza kulemba atchulidwe poyera. Bwana aja anali ndi satifiketi ya maphunziro a zimenezi chaka ndi chaka.

Chimene chinandipulumutsa ndi uthenga wa pa WhatsApp. Titangomaliza kulankhula pa foni madzulo aja, ndinawalembera kuti zikomo, mawa nditenga final approved monga mwanenera popeza embargo inatha, ndipo iwo anayankha ndi kachizindikiro ka chala chachikulu. Nditaonetsa uthengawo chipinda chonse chinangoti zii. Ndinalandirabe kalata yochenjeza chifukwa chosafufuza ndekha, komanso chifukwa chokambirana nkhani za ntchito pa foni yanga, koma ntchito sinathe. Bwana aja anasamutsidwira ku dipatimenti ina popanda kupepesa.

Tsono kwa inu amene mukuyamba kuyang'anira gulu, musalole MSL wanu aliyense kukamba za deta pa WhatsApp kapena kusunga masilaidi pa kompyuta yake, chifukwa makope obisika amenewo ndi amene amadzuka patatha chaka atakalamba. Pakhale malo amodzi okha otengako zinthu zoonetsa madokotala, ndipo ngati kampani ingakwanitse, mutenge pulogalamu ya Veeva Vault ya masilaidi ndi mayankho a medical information (mayankho a mafunso okhudza mankhwala), ndi pulogalamu ngati Datavision ya ndondomeko ya zofalitsa, chifukwa izi zimalemba amene anavomereza, tsiku limene anavomereza, ndi tsiku limene chinthucho chiyenera kuchotsedwa. Ndikunena izi ndikudziwa kuti titagula Veeva chaka chotsatira ndinapezamobe masilaidi otha nthawi amene munthu anaiwala kuchotsa, ndiye ngati ndalama palibe, Excel yomweyo ingagwire ntchito malinga ikhale pamalo amene aliyense akuiona nthawi yomweyo, ikhale ndi mwini mmodzi wodziwika ndi womuthandiza akapita kutchuthi, ndipo mwezi uzilembedwa ndi dzina lake, pamodzi ndi ola ndi mzinda umene olalo likuwerengedwa. Pa chotsatira chilichonse pakhale mzere wonena ngati sichinatuluke, chili pa embargo, chinaonetsedwa pa poster, kapena chinasindikizidwa mu magazini chitaunikidwa ndi akatswiri ena, pakuti zimene MSL angalankhule zimasiyana pa magawo anayi amenewa.

Menyerani nkhondo kuti MSL mmodzi azikhala nawo pa msonkhano uliwonse wokonza zofalitsa. Ndife amene timamva mafunso amene madokotala akubwerezabwereza, ndipo funso la impso limene pulofesa anafunsa ndinali nditalimva kwa madokotala ena angapo, ndikulilemba mu malipoti amene palibe ankawawerenga, pamene likanayenera kubala pepala lakelake. Ndifenso amene timadziwa ofufuza amene anagwira ntchito yaikulu, ndiye tiziwatchula mayina awo molemba kwa a komiti yokonza zofalitsa, koma pakamwa pa MSL kapena bwana wake pasatuluke lonjezo la dzina pa pepala, ngakhale pa chakudya chamadzulo. Muonetsetsenso kuti kafukufuku amene zotsatira zake sizinakomere kampani ali mu ndondomeko, chifukwa analembetsedwa kale pa ClinicalTrials.gov, tsamba la pa intaneti lolembetserapo kafukufuku, ndipo madokotala amapita kukaona okha, kenako funsolo limagwera MSL amene wakhala patsogolo pawo. Ndipo pamene mukukonza njira yolembera mafunso ochokera kuzipatala, mulekanitse msanga nkhani ya wodwala amene mankhwala amuvuta, chifukwa imeneyo imapita ku pharmacovigilance, gawo loyang'anira mavuto obwera ndi mankhwala, pasanathe maola 24, siidikira lipoti la pamwezi.

Muwaphunzitse anthu anu kukhulupirirana, chifukwa gulu limene aliyense akusunga umboni wotsutsa mnzake silipita patali. Koma akauzidwa pa foni kuti chinthu chavomerezedwa, alembe imelo nthawi yomweyo yobwereza zimene amva, ndipo asalowe mu ofesi ya dokotala yankho lisanabwere ndiponso asanatsegule okha tsamba la msonkhano. Ine dera limene ndinkagwiramo ntchito lija anandichotsa n'kundipatsa lina, pepala lija linachedwa chifukwa anayenera kuyambiranso nkhani ya olemba, ndipo imelo yanga yopepesa kwa pulofesa uja sinayankhidwe mpaka lero.