Besi yokha ingakudyetseni ku Mzuzu?

Achimwene, mwafunsa ngati gitala ya besi ingakudyetseni kuno ku Mzuzu. Payokha n'zovuta, koma chonde musaisiye. Marcus Miller wa ku America ndi wa besi, komatu ndiye anapeka ndi kukonza nyimbo zambiri za m'chimbale cha katswiri woimba lipenga Miles Davis chotchedwa Tutu mu 1986. Inunso phunzirani kujambula nyimbo pa kompyuta, poti khutu lomva pamene ng'oma ikukumana ndi mawu muli nalo kale.

Musamasankhe poimba. Loweruka ukwati ku Luwinga, Lamulungu kwaya ku Katoto, rege, manganje, zonsezo gwirani, chala chanu chizigwera pamodzi ndi phazi la woimba ng'oma. Nyimbo zomwe mwapeka kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ndipo za malipiro muzigwirizana musanalowe mu situdiyo.