Mwatopa ndithu, koma mwapalira munda wa yani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti amadzuka 4 koloko, amagona itadutsa 11, ali pa ntchito ya mu ofesi, amagulitsa zitenje, ali m'makomiti atatu kutchalitchi, koma dipuloma yomwe anaiyamba zaka zitatu zapitazo idakali pomwe anaisiya. Funso lawo linali lalifupi: "Nanga nthawi yanga ikupita kuti, poti ine sindikhala pansi?"

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri kenako ndinaika foni pambali, chifukwa inandikumbutsa bambo anga.

Inali njala ija ya 2002. Ine ndinali Sitandade 7 kwathu ku Ntcheu, ndipo m'nkhokwe mwathu munali mutayera kale Khrisimasi isanafike. Bambo ankalawira tambala woyamba akangolira, khasu paphewa, ulendo wa kuganyu. Eni munda ankawapimira ndime, kuchokera pachulu kukafika pamtengo wa msuku, malipiro ake mbale imodzi ya gaga kapena tizinangwa tingapo. Madzulo akafika ndinkawathirira madzi osamba m'manja, ndipo mpaka lero ndimaziona zikhatho zawo: matuza akale ataphulika n'kuuma, atsopano atatuluka pamwamba pake. Mpini wa khasu lawo unali utasalala mpaka kunyezimira. M'mudzi monse munalibe munthu wogwira ntchito kuwaposa.

Koma munda wathu? Chisoso, khovani ndi dawe zinkalekeza m'mawondo, chimanga chili chikasu, chowonda, chongosuzumira m'tchire. Aliyense amene analimapo akudziwa kuti chimanga chimafuna kupalira m'masabata asanu ndi limodzi oyambirira chikangomera. Ukachedwa, ngakhale udzapalire moyeretsa bwanji, udzu umakhala utadya kale chakudya cha mbewu. Tsoka lake n'lakuti masabata omwewo ndi amene ganyu amachuluka, poti opeza bwino nawonso akuthamangira kupalitsa minda yawo. Ndiye bambo anapalira minda ya anthu bwinobwino, ife n'kukolola zochepa, chaka chinacho nkhokwe n'kuthanso msanga, iwo n'kubwereranso kuganyu.

Sindikuwaweruza bambo anga. Mwana akamalira njala sumuuza kuti adikire mwezi wa Epulo. Koma nyengo yotsatirayo mayi anga anaika lamulo: kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litakwera pamwamba pa mtengo wa mango wa kumalire, aliyense m'munda mwathu. Ganyu pambuyo pake. Zinawawa, chifukwa ndime yoyamba mochedwa siitha tsiku lomwelo, ndipo panali masiku omwe tinadya kamodzi kokha. Chaka chimenecho chimanga chathu chinafika mu Febuluwale.

Ndinakula, ndinapita kutauni, ndinayamba ntchito ya akaunti pa bungwe lina, ndipo ndinkaganiza kuti za ganyu ndinazisiya kumudzi. Mu 2018 ndinalephera kachiwiri pepala lomwelo la mayeso a akaunti. Nthawi imeneyo ndinali mlembi wa komiti ya chitukuko kutchalitchi, msungichuma wa banki m'khonde, membala wa makomiti awiri a ukwati, komanso munthu amene aliyense ku ofesi ankamupeza lipoti lake likavuta. Magulu a WhatsApp ndinali nawo 23. Ndinkafika kunyumba ana atagona, buku ndikalitsegula maso akulemera. Mayi akunyumba ndi amene anandifunsa tsiku lina, mofatsa, kuti pa zonse ndinachita sabata imeneyo, changa chinali chiti. Ndinalibe yankho.

Ndinatenga kakope ka mwana kotsala masamba, n'kuyamba kulemba nthawi monga momwe ndimalembera ndalama za eni ake. Ola lililonse, kwa masiku asanu ndi awiri. Sabata ili ndi maola 168, kwa nduna ndi kwa wogulitsa mandasi chimodzimodzi. Lamulo la ntchito la dziko lino, la m'chaka cha 2000, limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata, kupatula ovataimu. Mukachotsapo amenewo ndi 56 ogona, pamatsala 64. Anga ndinawapeza motere: 10 m'minibasi ndi pasiteji, 11 m'misonkhano ya makomiti, 14 pafoni, ena kudya, kusamba, kutchalitchi, kukonzera anthu malipoti. Owerenga anali 2. Maola awiri okha pa chinthu chomwe ndinkauza aliyense kuti ndicho tsogolo langa. Usiku umenewo ndinaonanso chimanga chachikasu chija m'maso mwanga.

Anzeru za kasamalidwe ka nthawi amakonda kutchula Dwight Eisenhower, yemwe ali pulezidenti wa America mu 1954 analankhula mumzinda wa Evanston zosiyanitsa mavuto a changu ndi mavuto ofunika. Mayi anga sanamumvepo munthu ameneyu koma ankadziwa zomwezo. Za changu zimakuwa, zimagogoda pachitseko, zimaimba foni katatu. Zofunika zimangokhala duu. Chimanga sichiimba foni kuti udzu wandipanikiza. Dipuloma yanu, mayi, sidzakutumizirani uthenga pa WhatsApp. Idzangofota mwakachetechete pamene inu mukuyankha onse amene akukuitanani.

Ndipo apa ndilankhule mosapsatira, chifukwa zimandipweteka. Ife kutanganidwa tinakusandutsa ulemu. Munthu akati "ndili bize" timamuona ngati wofunika, pamene amene watseka chitseko maola awiri kuti amalize chinthu chimodzi timamunena kuti ndi wodzikonda. Msonkhano woitanidwa 9 koloko umayamba 10:30, theka la nthawi n'kuthera pa kuwerenga zomwe tinakambirana ulendo watha, n'kutseka ndi kugwirizana tsiku la msonkhano wina. Mu 1955 Cyril Northcote Parkinson analemba m'magazini ya The Economist kuti ntchito imafutukuka mpaka kudzaza nthawi yonse yomwe mwaipatsa. Iye ankaonera maofesi a boma la Britain, koma pitani mukaone komiti ya ukwati yomwe yapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi: ikumana kasanu ndi katatu, katatu konse nkhani yake mtundu wa chitenje. Komiti yomweyo itapatsidwa masabata atatu, ukwati umachitikabe. Ameneyu ndi ganyu, mayi, ndipo ndi woipa kuposa wa bambo anga, chifukwa iwo ankabwerako ndi mbale ya gaga. Ife timabwerako ndi "zikomo, ndinu odalirika" basi.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Komiti iliyonse yomwe ndinalowa inali yabwino payokha. Palibe ndi imodzi yomwe inali yoipa. N'chifukwa chake zimavuta kukana.

Komanso sindigwirizana ndi aphunzitsi a pa intaneti amene amati kanani chilichonse chomwe sichikupititsani patsogolo. Amenewo sanayikepo maliro pakati pathu. Kukagona kusiwa, kukazonda wodwala kuchipatala, kukhala pansi ndi mwana amene walephera mayeso, kumeneko si kutaya nthawi. Bambo anga atamwalira, anthu amene anakumba manda anasiya minda yawo, ndipo ngongole imeneyo sindidzaimaliza. Maliro ndi munda wathu tonse. Chomwe ndikukana ndi kusakaniza udindo weniweniwo ndi mantha oti anthu atinena. Pa makomiti anu atatu, mwina imodzi ndi utumiki umene mtima wanu unasankha. Enawo munalowa chifukwa dzina lanu linatchulidwa pagulu, inu n'kuchita manyazi kukana. Mukudziwa nokha kuti ndi ati.

Ndikumbukirenso chaka cha 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Magetsi ankazima maola ambirimbiri, komabe chaka chimenecho ndinamaliza zinthu zambiri kuposa zaka zina. Akangoyaka ndinkadziwa kuti ndili ndi maola ochepa, ndiye ndinkathamangira ntchito imodzi yofuna kompyuta, osati Facebook. Akazima, zowerenga ndi zolemba pamanja. Malire aja anandikakamiza kusankha. Masiku a magetsi osazima ndi amene ndimamwazika.

Ndiye muchite chiyani?

Lembani nthawi yanu kwa sabata imodzi, moona mtima, osakongoletsa. Kenako sankhani munda umodzi. Kwa inu ndi dipuloma. Upatseni ola loyamba la tsiku, mutu udakali wopepuka. Poti mumadzuka kale 4 koloko, kuyambira 4 mpaka 5 likhale la mabuku, foni ili kuchipinda china. Maola asanu pa sabata ndi oposa 250 pa chaka. Zitenje zikhale ndi nthawi yake yoyankha makasitomala, masana ndi madzulo, osati uthenga uliwonse ukangolowa. Tulani pansi makomiti awiri. Kawauzeni atsogoleri pamaso, mwaulemu, kuti mukupuma mpaka mutamaliza sukulu, ndipo muwapatse mwezi woti apeze wina.

Koma pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chomwe chandikhalabe pamtima. Mwalemba kuti 4 koloko mumadzukira kuchapa, kusesa, kutereka madzi osamba ndi kukonza phala, ndipo simunatchule wina aliyense wogwira nawo. Ngati m'nyumbamo muli abambo, muli ana osinkhuka, muli mphwanu amene mukumusunga, vuto lanu silingathe ndi kope lolembamo maola lokha. Lamulo la mayi anga lija linagwira ntchito chifukwa m'munda tinkalowamo tonse, bambo, ine ndi alongo anga, aliyense mzere wake. Ine ndinakhoza pepala lija mu 2019 chifukwa mayi akunyumba anandisenzera zambiri miyezi inayi, ndipo iwo atayamba maphunziro awo a unamwino inali nthawi yanga yodzuka kukoleza mbaula ndi kusita mayunifolomu a ana. Anzanga ena anandinena. Nsima yanga ya masiku oyambirira inali ya mibulu, koma ana anadya.

Choncho musanagule dayale yatsopano, khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu Lamlungu likubwerali mukaweruka kutchalitchi, muwaonetse kope lija, mugawane ntchito za m'mawa. Lolemba muimbire kusukulu kwanu, mufunse maphunziro omwe anatsala ndi tsiku lomaliza kulembetsa.