Galimoto ya ulenje imasankhidwa kuyambira kumbuyo, komwe kumakhala agalu

Achimwene, mwafunsa za galimoto yoti abwana anu agule yopitira ku ulenje ndi agalu kuno ku South Africa. Fortuner mwaitchulayo isiyeni kaye. Anthu anayi, agalu atatu, mfuti, ma cooler box, pobwera kuchokera ku Limpopo muwonjezerepo nyama, zonsezo m'chipinda chimodzi? Galu wonyowa, nkhupakupa pamipando, magazi a nswala pakapeti, fungo lake silichoka ngakhale mutsuke ndi chiyani. Abwana anuwo auzeni kuti pakufunika bakkie (pikapu) ya double cab. Hilux, Ranger, D-Max, zonsezi zimafika kufamu, pamenepo sindikangana ndi munthu. Chimene chimapha agalu ndi canopy, chivindikiro chija amaika kumbuyo kwa bakkie.

Anyamata oika ma canopy aja amandikwiyitsa zedi. Amakugulitsani chibokosi cha fibreglass chotsekeka ngati uvuni, kawindo kamodzi kotsetsereka, n'kumakuuzani kuti agalu akhala bwino bwana. Iwowo anakhalamo liti? Mumanyamuka ku Joni cham'ma 9 koloko, mwalowa msewu wa N1, kutsogolo AC ili zii, nkhani zikukoma, palibe amene akumva zakumbuyo. Mwezi wa August anthu amati kudakali kozizira, koma masana a kutchire la bushveld dzuwa limaswa mtengo, ndipo pansi pa bakkie ndi chitsulo, paipi ya ekizozi ikudutsa pansi pakepo. Mukafika pageti la famu n'kutsegula, mpweya wotentha umakumenyani kumaso. Awiri adumpha, wachitatu wagona chammbali, lilime panja lofiira psuu, dovu lokhuthala ngati therere, akupuma wefuwefu osaleka. Mukamuimiritsa miyendo yakumbuyo ikugwedera, kenako kusanza, kenako chimbudzi chamagazi. Dokotala wa ziweto ali kutauni, msewu wake wafumbi, netiweki kulibe. Thupi la galu limakhala pa madigiri 38 kapena 39. Likadutsa 41 impso ndi matumbo zimayamba kuwonongeka, ndipo galu sachita thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma basi. Mpweya umene akupumawo ukakhala wotentha, alibe pothawira. Nthawi zambiri wogwa ndi uja wakuda kapena wonenepa, kapenanso uja wosakhazikika amene amauwa njira yonse.

Zikatero musayambe kulozana zala. Pamthunzi, madzi ozizira thupi lonse makamaka pamimba ndi m'mphechepeche, lowani naye kutsogolo AC pa mphamvu yonse. Musamufunditse thaulo lonyowa, limasunga kutentha. Amwe pang'onopang'ono ngati akutha kumwa yekha. Ndipo apite kwa dokotala ngakhale adzuke n'kumagwedeza mchira, chifukwa impso zimaonetsa vuto mawa lake.

China chimene ogulitsawo sanena: galimoto ikamathamanga, kumbuyo kwake mpweya umakokera m'kati. Fumbi ndi utsi wa dizilo zimalowa pa mipata ya tailgate (chitseko chakumunsi cha kumbuyo kwa bakkie), ndiye mukatsegula chitseko chakumbuyo kuti agalu apume mwangowonjezera utsi. Mankhwala ake ndi kabowo ka mpweya padenga koyang'ana kutsogolo, mawindo am'mbali zonse ziwiri okhala ndi waya, ndi rabala yotseka mipata ya tailgate. Pansi muyale mphasa ya rabala yokhuthala. Khola likhale la aluminiyamu, galu aliyense chipinda chake, lomangidwa ndi mabauti kapena malamba pa ngowe za bakkie kuti pobuleka lisathamangire kutsogolo. Zomanga galu ndi chingwe pabakkie yotseguka iwalani. Akaona nkhanga amadumpha, chingwe n'kumupachika pambali pa galimoto.

Tsopano kulemera. Onani kapepala ka layisensi pagalasi, chotsani tare (kulemera kwa galimoto yopanda kanthu) pa GVM (kulemera konse kololedwa), chotsalacho ndiwo katundu wanu yense pamodzi ndi anthu. Ma double cab ambiri amakupatsani pakati pa 800 ndi 1,000 kg. Tiwerengere mongoyerekeza, m'ma kg: amuna anayi 340, canopy 80, madrowa 70, agalu atatu 75, khola lawo 40, madzi 60, tayala lachiwiri lapadera 35, mfuti, zikwama ndi ma cooler box 100. Yakwana 800 musanaombere kanthu. Ngoma yamphongo imodzi imadutsa 200 kg. Ndiyo nthawi imene masipuling'i amagona, magetsi akutsogolo n'kumaunika nthambi za mitengo. Komanso kumbuyo kwa double cab ndi mita imodzi ndi theka basi, khola likalowa malo atha. Nyama iyende pa kangolo kokoka ndi galimoto (trailer), kutali ndi agalu. Kumbukirani kuti layisensi yoyendetsera ya Code B imalola ngolo yosapitirira 750 kg, yoposa apo ikufuna EB.

Kwa ogulitsa magalimoto akale nakonso samalani, ena ndi akathyali enieni. Hilux yolembedwa RB, Raised Body, ndi Ranger Hi-Rider zimaima m'mwamba ngati 4x4 koma zimakoka ndi matayala akumbuyo okha. Amaziveka bullbar ndi matayala amano, inu n'kumati ndapata. Gwadani muone pansi ngati kutsogolo kuli diff, chitsulo chogawira mphamvu kumatayala, m'kati mufufuze 4H ndi 4L, magiya okokera matayala onse anayi, muilowetse 4L pafumbi muimve ikukwawa. Yesaninso diff lock, yokhoma matayala akumbuyo kuti azizungulira limodzi, kagetsi kake kayake n'kukhazikika, osati kumangophethira. Wogulitsa akakana kuti muiyese, tsanzikani.

Matayala musaumire ndalama. Minga ya mtengo wa sekelbos imaboola tayala la mumsewu ngati msomali, makamaka m'mbali momwe simungamatike. Gulani all-terrain olembedwa LT, pa marimu a 16 kapena 17, osati aja aakulu onyezimira a m'tauni. Apadera akhale awiri, kompresa, mapulagi, ndi thabwa loikapo jeke pamchenga. Pamsewu wamiyala tsitsani mpweya kufika cha pa 1.8 bar, pamchenga 1.4, mukatulukira patala pompaninso musanathamange.

Ulenje umachitika nyengo yozizira, May mpaka August, udzu uli gwaa. Udzuwo umakolekera pansi, pafupi ndi ekizozi, ndipo galimoto imatha kuyaka agalu ali m'khola. Mukadutsa m'udzu wautali imani, musuzumire pansi, muuchotse ndi kawaya kopinda. Pa grille muike kaneti kotchinga njere za udzu kuti zisatseke radiyeta, koma mukabwerera patala kachotseni. Chozimitsira moto chikhale pomwe dzanja likufika, osati pansi pa zikwama.

Za mfuti ndi zachidule. Lamulo la mfuti, Firearms Control Act ya 2000, limapereka competency (satifiketi yosonyeza kuti munthu ndi woyenera kukhala ndi mfuti) kwa nzika za South Africa ndi okhala ndi permanent residence okha, choncho ambirife obwera ntchito yathu ndi chiwongolero ndi agalu. Mfuti ndi za abwanawo, zikhale m'zikwama zake, zophimbika, zopanda chipolopolo, ndipo asakusiyireni pa filling station iwo n'kupita kukadya. Apolisi akabwera wofunsidwa ndinu.

Komabe, canopy ndainyozayi igulenibe. Mukapita kukasaka nkhanga ndi nkhwali ku Free State m'mwezi wa June, m'mawa kumagwa chisanu choti madzi m'beseni amauma, ndipo galu waubweya waufupi ngati pointer pabakkie yotseguka amafika akunjenjemera osatha kugwira ntchito. Ndiye pali mvula, pali akuba pa maloboti. Ingokhalani ndi ya aluminiyamu kapena yoyera, yotseguka m'mbali, muike kathemometa kotchipa m'khola koti muziwerenga muli kutsogolo. Muziima maola awiri alionse, agalu atsike amwe madzi, ndipo musawadyetse kwambiri musananyamuke. Ya 4x4 ija nayonso, kunena zoona, mafamu ambiri nyengo youma RB ya diff lock imayenda bwinobwino. Ngati ndalama za abwana zikuperewera, tengani yomweyo, zotsalazo zipite ku khola ndi matayala. Koma afunseni kaye mwini famuyo ngati pali mtsinje wamchenga woti muwoloke.