Kodi foni imajambula zenizeni kuposa wopenta?

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera imelo. Akuti mlongo wawo amajambula phiri la Mulanje ndi penti n'kumagulitsa kwa alendo ku Likhubula, koma masiku ano ogula akumati zake sizikufanana ndi zenizeni ngati za pafoni. Ndiye afunsa: angosiya?

Mayi, ndiyambire kale pang'ono. Mu 1838 Louis Daguerre, mmodzi mwa oyambitsa luso lojambula ndi kamera, anajambula msewu wa Boulevard du Temple ku Paris. Pamsewupo pankakhala piringupiringu, ngolo ndi anthu, koma pachithunzipo pali zii! Kamera ya nthawi imeneyo inkafuna mphindi zingapo kuti igwire chinthu, ndiye zonse zoyenda zinasowa. Anatsalapo ndi bambo wina amene anaima kupukutitsa nsapato, ndi wopukutayo. Makina anayamba ndi kutaya msewu wathunthu, anthu n'kumagoma kuti sanama.

Ifenso tinkapita ku studiyo titavala za Khirisimasi, kumbuyo kwathu nsalu yojambulidwa nyumba yosanja, chikhalirecho kwathu n'kofolera ndi udzu. Chithunzi chikatsukidwa tinkati eya, ndife amene.

Foni yanuyo nayo ili ndi mabodza ake. Mafoni ambiri atsopano mukadina kamodzi amajambula zithunzi zingapo, n'kuziphatikiza, n'kuwonjezera kuwala ndi mtundu. N'chifukwa chake tiyi wa ku Thyolo amabiriwira moposa amene mumamuona pa minibasi, nkhope n'kusalala ngati ya khanda. Maso athu azolowera zimenezo, moti chobiriwira chenicheni chayamba kuoneka chofwifwa. Za AI, nzeru za makompyuta zija, ndiye musanene, imakupangirani phiri lomwe munthu sanapondepo.

Tsopano taimani pa Chitakale m'mawa wa mu Julayi, chiperoni chitatsika. Lozetsani foni kuphiri: mbuu, basi. Koma mlongo wanu akudziwa kuti kuseri kwa nkhunguyo kuli nsonga ya Sapitwa, mamita 3,002. Akudziwa mmene amayi othyola tiyi amaweramira dengu likalemera kumsana, ndi mmene zala zimaumira ndi mame. Zimenezo angaziike pansalu, ndipo kwa ine n'zoona kuposa thambo lotsukidwa la pafoni.

Ndimudzudzule pa chimodzi: ngati akukopera zithunzi za pa Facebook, ogulawo akulondola, pakuti mpikisano umenewo foni inapambana kale. Mumuuze adzuke ndi othyola tiyi sabata imodzi, pensulo m'thumba. Chimene adzajambule pamenepo mudzanditumizire, ndikufuna choika pabalaza.