Tikusamukira ku UK, nanga galu wathu titani naye?

FUNSO: Anti, ine ndine nesi ndipo ndapeza ntchito ku Leeds, tikuyembekeza kunyamuka pakatha miyezi itatu ndi bambo akunyumba komanso ana awiri, wina wazaka 9 wina 13. Vuto ndi galu wathu yemwe takhala naye zaka 5, mwana wamng'onoyu akungolira akuti iye sakwera ndege galuyo akatsala. Ndizotheka kupita naye? Nanga anawa ndiwakonzekeretse bwanji? Ndine mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Achemwali, zotheka ndizotheka ndithu, koma ndikuuzeni chilungamo pompano kuti pa miyezi itatuyo galuyo sakwera nanu ndege imodzi. Mapepala a galu amachedwa kuposa a anthu. Chifukwa chake ndi chiwewe, ku Britain alibe matendawa ndiye galu wochokera dziko ngati lathu lino amamuunika mosanyengerera.

Mawa lomweli pitani kwa a vetenale akamuike microchip, kachipangizo kakang'ono ngati kambewu ka mpunga komwe amakalowetsa pansi pa khungu. Ikhale microchip kaye kenako katemera wa chiwewe, mukasemphanitsa katemerayo sawerengedwa, ngakhale galuyo mumamubayitsa chaka chilichonse. Pakadutsa masiku osachepera 30 amutenge magazi omwe amakayezedwa ku labu yovomerezeka, ambiri kuno amatumiza ku Onderstepoort ku South Africa, ndiye zotsatira zikatuluka bwino mudikirebe miyezi itatu kuwerenga kuchokera tsiku lomwe anatenga magazilo. Mukaphatikiza ndi miyezi inayi imeneyo, osawerengera kuchedwa kwa labu. Kumapetoko mufunika satifiketi ya umoyo wa galuyo yosainidwa ndi dokotala wa ziweto wa boma ndipo galu alowe m'dzikolo pasanathe masiku 10 chiisainireni, komanso amwe mankhwala a njoka za m'mimba pakati pa maola 24 ndi 120 asanafike. Mukaphonya chimodzi atha kumutsekera kwayekha mpaka miyezi inayi, bilu yake ndi yanu.

Chinanso, galu sakhala nanu pampando, amayenda ngati katundu m'bokosi lake ndipo ndege yolunjika kuchokera ku Lilongwe kulibe, adzasintha ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Bokosilo gulani msanga azigonamo ndi kudyeramo kunyumba kuti alizolowere. Lamulo limatinso afike pasanadutse masiku 5 kuchokera pomwe mwini wake kapena munthu yemwe mwamupatsa chilolezo wafika, ndiye mwina bambowo atsale kaye adzabwere naye limodzi. Mtengo wonyamulira galuyo funsiranitu, nthawi zambiri umaposa tikiti ya munthu.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mukhale pansi ngati banja. Galu wa kuno anazolowera kugona panja, kuthamanga mumpanda, kuuwa usiku wonse osafunsidwa. Uko mukayamba ndi kanyumba ka lendi, malandilodi ambiri safuna ziweto, inu muli pa shifiti ya usiku bambo nawo akusakasaka ntchito, galuyo atsekeredwe m'nyumba tsiku lonse kunja kukuzizira, mu December mdima umagwa cha m'ma 4 koloko madzulo. Amafunika kumuyendetsa tsiku lililonse pa chingwe ndi kutola chimbudzi chake. Ngati mukuona kuti simukwanitsa, kumusiya kwa m'bale yemwe amamudziwa kale si nkhanza ayi. Chomwe ndikukupemphani, musamunamize mwanayo kuti galu abwera sabata yamawa pomwe mukudziwa kuti sabwera. Ana saiwala zimenezo. Mutengeni akaone yekha komwe galuyo azikakhala, akamusiyire bulangete lake, ndipo mugwirizane ndi abalewo kuti azitumiza mavidiyo pa WhatsApp.

Za anawo, ine amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi wazaka 13yo, poti wangokhala chete sindiye kuti zili bwino, akusiya anzake pa msinkhu wovuta. Muzicheza naye panokha. Ku England sukulu imayamba mu September ndipo mwana amamuika kalasi potengera zaka zake osati mayeso, choncho tengani malipoti awo akusukulu, masatifiketi a kubadwa ndi mabuku awo akuchipatala aja osonyeza katemera. Musaiwale kuti pofunsira viza mufunika satifiketi ya TB yochokera ku chipatala chovomerezeka ndipo imagwira ntchito miyezi 6 yokha. Mukangofika kalembetseni banja lonse kwa GP, yemwe ndi dokotala wa m'dera lomwe muzikakhala.

Asananyamuke apite kumudzi akatsanzike agogo awo bwinobwino, agoneko masiku angapo osati kungodutsa. Ndipo kunyumba kwanuko ku Leeds muzikalankhula nawo Chichewa, Chingerezi akachipeza kusukulu, kuti agogowo akaimba foni azimvana ndi zidzukulu zawo.