Mbira yachitidwa opareshoni koma sikudya: kodi ndidikire?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amaweta mbira ziwiri zazikazi m'nyumba. Imodzi, ya zaka 4, inkalira ikamakodza ndipo mkodzo wake unkaoneka wofiira. Dokotala wa ziweto ataijambula anapeza kamwala m'chikhodzodzo, n'kuichita opareshoni. Mayiwa alemba kuti: "Ndinabwera nayo kunyumba dzulo madzulo, koma mpaka m'mawa uno sinalawe kanthu. Yangoti ndwii pakona, ubweya utaimirira. Bambo akunyumba akuti ndiisiye ipume, njala ikaipweteka idya yokha. Ndidikire masiku angati? Nanga inzakeyo ndiichotse m'kholamo?"

Mayi, mwachita bwino kulemba msanga. Musadikire ngakhale tsiku limodzi. Zimene akunena bambowo n'zomveka tikamakamba za galu, amene akhoza kugona ndi njala tsiku lathunthu mawa lake n'kudzuka ali gwa. Mbira thupi lake silili choncho. Imbirani dokotala uja lero lomwe, ndipo yambani kuidyetsa ndi manja anu.

Mbira imadya pafupipafupi usana ndi usiku, ndipo matumbo ake amayenda bwino pokhapokha chakudya chikamalowa mosalekeza. M'mimba mwake muli thumba lalikulu lodzaza mabakiteriya amene amagaya udzu. Chakudya chikaleka kulowa, matumbo amayamba kuyenda mwaulesi, mabakiteriya aja amasokonezeka, mpweya umadzazana, mimba imapweteka, ndiye mbira imakaniratu kudya. Ikakana kudya matumbo amaimiratu. Njala imene bambo akudikirayo sibwera, chifukwa chilakolako cha chakudya chimanka chichepa maola akamapita. Ngati mbirayo ndi yonenepa pali vuto linanso: thupi limayamba kusungunula mafuta mofulumira ndipo chiwindi chimalemedwa nawo. N'chifukwa chake mbira ikatha maola 12 osadya kapena osatulutsa ndowe, timaiona ngati yodwala mwakayakaya, ngakhale ikuonekabe yamaso. N'chifukwa chakenso madokotala odziwa mbira sazisalitsa chakudya usiku wonse zisanachitidwe opareshoni monga amachitira ndi agalu ndi amphaka. Mbira sitha kusanza, ndipo kuisiya ndi m'mimba mopanda kanthu n'kuionjezera mavuto.

Choyamba chimene ndikuganizira kwa mbira yanuyo ndi ululu. Mwati yakhala pakona ubweya utaimirira. Yang'aninso ngati yapinda msana, maso ikungotsinzinira, kapena ikukukuta mano pang'onopang'ono. Mbira ndi kanyama kamene kutchire kamadyedwa ndi nyama zina, choncho kamabisa matenda mpaka pamene sikangathenso kubisa. Yanuyo ikamaonetsa poyera chonchi ndiye kuti zaipweteka ndithu, ndipo mbira yomva ululu sidya, olo muiikire zokoma zotani. Simunanene mankhwala amene anakupatsani. Kawirikawiri madokotala amapereka meloxicam, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Metacam, ndipo pa opareshoni yotsegula mimba nthawi zina amaonjezera wina wamphamvu monga buprenorphine pa masiku oyambirira. Ngati simunapatsidwe mankhwala opha ululu oti muzimwetsa kunyumba, apempheni. Ngati munapatsidwa koma mbira idakali chonchi, muuzeni dokotala kuti sakukwanira. Musayese kuipatsa mankhwala a anthu amene ali m'kabati mwanu. Muwafunsenso ngati ikufunika mankhwala oyendetsa matumbo, monga metoclopramide kapena cisapride, komanso madzi obayira pansi pa khungu ngati yauma m'thupi.

Musanaidyetse, igwireni kaye. Khudzani makutu ndi mapazi. Mankhwala ogonetsa amatsitsa kutentha kwa thupi, ndipo kanyama kakang'ono chonchi kamachedwa kufundanso. Ngati yazizira, thirani madzi ofunda m'botolo, likulungeni ndi thaulo, muliike mbali imodzi ya khola kuti ikamva kutentha izitha kusuntha yokha. Chipinda chikhale chofunda bwino, pakati pa madigiri 18 ndi 24, chopanda mphepo yolowera pazenera. Musapyoze muyezo, chifukwa mbira zimafa msanga ndi kutentha kuposa kuzizira. Kenako papasani mimba mofatsa, motalikira pachilonda. Mimba yabwino imakhala yofewa. Ikakhala yofufuma ndi yolimba, yoti mukaigogoda ndi chala ikulira ngati ng'oma, musaidyetse chilichonse. Nyamukani nayo kupita kwa dokotala nthawi yomweyo, ndi mpweya umenewo ndipo umapha m'maola ochepa.

Mimba ikakhala yofewa, tengani sirinji yaying'ono ya 1 ml yopanda singano. Pali ufa wosakaniza ndi madzi kuti ukhale phala, wopangidwira ziweto zodya udzu zikamadwala, wodziwika kwambiri ndi wa Oxbow wotchedwa Critical Care, ndipo madokotala ena amakhala nawo kapena wina wofanana nawo. Ngati palibe, vikani chakudya chake cha timibulu chija m'madzi ofunda mpaka chifewe, muchinyenye chikhale phala losalala loti lingadutse musirinji. Anthu ena amadula kansonga ka sirinji kuti bowo likule, n'kusalaza podulapo kuti pasacheke m'kamwa. Phalalo likhale lofunda pang'ono.

Yalani thaulo patebulo kapena pamiyendo panu, mbira iime ndi miyendo yake inayi, matako ake atatsamira pamimba panu kuti isabwerere m'mbuyo. Musaigoneke chagada ngati khanda, chifukwa phala likalowera kumapapo imatsamwa ndipo chotsatira chake ndi chibayo. Dzanja limodzi ligwire mutu mofatsa, chala chachikulu ndi chamkombaphala zili m'mbali mwa nsagwada. Kuseri kwa mano aatali akutsogolo aja kuli mpata wopanda mano. Lowetsani sirinji chammbali pampata umenewo, ilowe pang'ono ndithu kuti ifike palilime, mufinye osapitirira theka la 1 ml, n'kuitulutsa. Ndiye dikirani. Mudzaona kakamwa kakuyenda, ndevu zikugwedezeka, makutu nawo akunjenjemera pang'ono: ikutafuna, ndipo imeza. Ikameza m'pamene muonjezere. Ikangosunga phala m'kamwa osatafuna, kapena likamatuluka m'mbali mwa milomo, lekani kaye, muipumitse. Mbira imene yafookeratu moti sikumezanso ndi yofunika dokotala, sirinji singaithandize. Mukamaliza pukutani chibwano ndi kansalu konyowa, chifukwa phala likaumira paubweya limayambitsa zilonda.

Mbira yaikulu ya pafupifupi kilogalamu imodzi imene sikudya chilichonse payokha imafunika phala lokwana 50 mpaka 60 ml pa tsiku, logawidwa pa maola atatu kapena anayi alionse. Dokotala wanu akuuzani mlingo woyenera kulemera kwa yanuyo. Tsiku loyamba ikhoza kulandira 3 kapena 5 ml yokha pa ulendo umodzi. Musakhumudwe, ingochulukitsani maulendo, ndipo masiku awiri oyambirirawa mudzukeko ngakhale kamodzi usiku. Ndi ntchito yotopetsa, ndikudziwa, koma masiku amenewa ndi amene amaonetsa kumene mbira ikulowera. Madzi muzipereka mwanjira yomweyo, pang'onopang'ono. Mbira imamwa pafupifupi 100 ml pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, kuphatikizapo madzi a m'masamba ndi m'phala, ndipo yanuyo, poti vuto linali m'chikhodzodzo, madzi ndi ofunika koposa. Ikani kambale ka madzi pafupi ndi pamene yagona, poti kudzuka kukafika pabotolo lopachika kukhoza kuipweteka.

Sirinji isakuiwalitseni chakudya chenicheni. Muunjike udzu wouma pafupi ndi mphuno yake, muikeponso udzu wauwisi wotsuka bwino, wosapoperedwa mankhwala, ndi kachidutswa ka nkhaka kapena masamba amene imawakonda. Nthawi zambiri mbira imayamba ndi kunyamula kaudzu kamodzi, kukaluma, n'kukasiya. Kameneko ndi kachizindikiro kabwino.

Pezani sikelo ya kukhitchini yoyeza magalamu, muike mbira m'kabeseni, muziiyeza m'mawa uliwonse nthawi yofanana, musanaidyetse, n'kulemba. Maso amanama, makamaka pa kanyama kaubweya wambiri, pamene sikelo imakuuzani ngati phala mukuperekalo likukwana. Kusintha kwa magalamu 20 kapena 30 n'kwa masiku onse. Ikatsika ndi 50 onjezerani chakudya ndipo dokotala adziwe. Ikafika 100 bwererani nayo. Ndowe nazo muziziyang'ana. Poyamba zidzakhala zochepa, zing'onozing'ono, zouma, zina zosongoka kumapeto. Zimene mukuona lero zikuchokera ku zimene idadya dzulo kapena dzana, choncho musayembekezere kuti zisintha mukangoidyetsa kamodzi. Zikayamba kukula ndi kuchuluka, matumbo adzuka.

Pali nkhani ya mankhwala opha mabakiteriya imene ndimafuna woweta mbira aliyense aidziwe pamtima. Ena mwa mankhwalawa, amene ndi abwinobwino kwa agalu ndi anthu, amapha mbira. Penicillin, amoxicillin, ampicillin, clindamycin, lincomycin ndi erythromycin amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo aja, n'kusiyira malo ena oopsa a mtundu wa Clostridium, amene amatulutsa poizoni. Mbira imatsegula m'mimba, ndipo kawirikawiri sipulumuka. Amene madokotala amakonda kupereka kwa mbira ndi monga enrofloxacin, wogulitsidwa ndi dzina la Baytril, ndi trimethoprim-sulfa. Werengani dzina limene lalembedwa pabotolo mwapatsidwalo. Ngati ndi limodzi mwa oopsawo, musamwetse, imbani foni mufunse. Sikunyoza dokotala kumeneko. Ngakhale abwinowo nthawi zina amachotsa chilakolako cha chakudya, choncho mbira ikasiya kudya itangoyamba kumwa mankhwala atsopano kapena ikayamba kutsegula m'mimba, nenani msanga, koma musawasiye panokha.

Mbira, monga ife anthu, sitha kupanga vitamini C m'thupi mwake, ndipo chilonda sichipola bwino popanda vitamini ameneyu. Yathanzi imafuna pakati pa 10 ndi 30 mg pa kilogalamu pa tsiku, yodwala imafuna woposerapo. Musathire vitaminiyu m'madzi akumwa. Amatha mphamvu msanga ndi kuwala, ndipo amasintha kukoma kwa madzi moti mbira imasiya kumwa. Mupatseni musirinji, ndipo ikayamba kudya yokha muziipatsa kachidutswa ka tsabola wamkulu wosawawa uja tsiku lililonse.

Pansi pa khola chotsanipo utuchi, chifukwa umamatirira pachilonda. Yalani mathaulo oyera, muzisintha kawiri pa tsiku. Thaulo loyera limakuonetsani chilichonse: dontho la magazi, mtundu wa mkodzo, kuchuluka kwa ndowe. Mkodzo wa mbira umakhala wambuu mwachibadwa, ukauma n'kusiya choyera, ndipo kufiirira pang'ono masiku oyambirira pambuyo pa opareshoni ya chikhodzodzo si zachilendo. Choopsa ndi magazi ochuluka, kapena mbira kumadzikakamiza n'kumalira koma mkodzo osatuluka. Thaulo likakhala louma kwa maola ambiri, thamangani nayo. Chilonda muzichiona m'mawa ndi madzulo, mukuinyamula ndi manja awiri, lina pachifuwa lina kumatako, osafinya mimba. Kutupa kumene kukukula, kutentha, fungo, madzi otuluka kapena ulusi womasuka, zonsezi dokotala azione. Mafinya a mbira ndi okhuthala kwambiri, satuluka okha, choncho chotupa chikayamba musachifinye kunyumba. Musapakepo mafuta alionse amene simunauzidwe. Chipewa cha pulasitiki chimene amaveka agalu kuti asanyambite chilonda sindichikonda pa mbira. Kupatula kuisautsa, chimailepheretsa kufikira ndowe zofewa zapadera zimene imadya zikamatuluka kumene. Zikumveka zonyansa, koma m'menemo imapezamo mavitamini ndi mabakiteriya ofunika m'matumbo.

Za inzake ija, ine sindingaichotse kutali. Mbira ndi nyama zokhala pagulu, ndipo yodwala ikamva inzake ikutafuna pafupi, kawirikawiri nayo imayesako. Komabe mukufuna kudziwa amene wadya, amene wakodza ndi mwini ndowe zimene mukuonazo. Gawani khola pakati ndi waya kwa masiku angapo, kuti zizionana ndi kununkhizana koma iliyonse ili mbali yake. Ngati inzakeyo ndi yofatsa, sikwera pamsana ndipo sikhudza chilonda, muziziphatikiza kwa kanthawi muli pomwepo. Chotsani makwerero ndi chilichonse chofuna kudumpha mpaka chilonda chipole, nthawi zambiri masiku 10 mpaka 14. Kwa owerenga ena amene mbira yawo ndi yamphongo ndipo yafulidwa kumene: imathabe kupereka bere kwa milungu ingapo, choncho isakhale ndi zazikazi mpaka patatha milungu 6.

Ikachira mudzakambirane ndi dokotala za kadyedwe, chifukwa miyala ya m'chikhodzodzo imakonda kubweranso. Yambiri imapangidwa ndi kashiamu. Udzu wa alfalfa, umene ena amautcha lucerne, uli ndi kashiamu wambiri ndipo suyenera mbira yaikulu. Sipinachi ndi parsley muzipereka mwa apo ndi apo. Madzi ambiri, udzu wamba wouma wosatha m'khola, timibulu tochepa.

Sirinji musaisiye tsiku limene mwaiona ikudya koyamba. Muzichepetsa ulendo umodzi umodzi, mukuyang'ana sikelo. Kulemera kukakhazikika masiku angapo otsatizana ndipo ndowe zabwerera mwakale, mukhoza kusiya. Koma lero, mukamaimbira dokotala, muuzeni nthawi imene inadya komaliza, ngati yakodza, ngati mwaona ndowe, ndi mayina a mankhwala onse amene muli nawo m'manja.